Mazinga 26 pa Inchi Imodzi

Tengani ekiselo ya kumbuyo ya njinga yakuda ija ya makolo athu, ya mabuleki a ndodo ndi mawilo a mainchi 28. Ipukuteni girisi, ikani rula pambali pake, ndipo ndi nsonga ya singano werengani mazinga, timizere tozungulira tija timene nati imagwirapo, timene amakanika a mu Lusaka amangoti matredi. Pa inchi imodzi mudzapeza 26. Kunenepa kwa ekiseloyo amalonda amakulemba kuti 3/8, ndiye kuti mamilimita 9.5 ndi kanthu kakang'ono pamwamba. Njingayo kaya inapangidwa ku Nottingham Mfumu George VI akali moyo, kaya ku Ludhiana caka catha, kaya inamangidwa ku Chipata m'masiku a UNIP, kawirikawiri nambala mudzaipeza yomweyo.

Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina muno mu Lusaka, ndipo caka ndi caka ndimalemba pa bolodi zimene atsamunda anatitengera ndi zimene anatisiyira. Ana amaloweza: anatenga mkuwa, nthaka ndi anyamata a mphamvu, anasiya malire, Cingerezi ndi makhoti. Za miyeso palibe amene amafunsa pa mayeso. Komatu pa zonse zimene anasiya, muyeso ndiwo wouma mutu. Mbendera yao inatsika pa 24 October 1964. Paundi ndi sheleni zinacoka mu January 1968 pamene kwacha ndi ngwee zinabwera. Mamailosi anasanduka makilomita m'zaka za m'ma 1970, ndipo ana amene ndimaphunzitsa lero sadziwa kuti inchi ndi yaitali bwanji. Koma pansi pa bambo amene amapalasa matumba a malasha kulowa mu tauni m'mbandakuca, inchi ya ku Britain ikali kugwira nchito, yogawidwa pa 26.

Nkhaniyi inayambira kutali ndi njinga. Kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, fakitale iriyonse ku Britain inali kudula mazinga mmene inafunira. Nati ikatayika, bauti inali kukhala yamasiye, cifukwa nati ya kwa wina sinali kulowa. Wophwasula injini anali kuika cizindikiro pa bauti iriyonse ndi nati yake kuti asazisokoneze. Ca m'ma 1800 Henry Maudslay wa ku London anakonza makina odula mazinga ofanana nthawi zonse, ndipo mmodzi mwa anyamata amene anagwirapo nchito kwa iye anali Joseph Whitworth. Uyu atatsegula nchito yakeyake ku Manchester, anasonkhanitsa mabauti a m'mafakitale osiyanasiyana, nawayeza, natenga za pakati. Mu 1841 anapereka maganizo ake ku bungwe la Institution of Civil Engineers: kuti pa kunenepa kulikonse kwa bauti pakhale ciwerengero cimodzi ca mazinga, ndi kuti ngalande ya pakati pa mazinga itseguke madigiri 55. Makampani a njanji anautenga muyesowo, ndipo pofika ca m'ma 1860 unali utafala m'dziko lonselo. Ku America, William Sellers anabwera ndi wake mu 1864, wa madigiri 60. Maiko a milimita naonso anapita njira yao.

Kuno muyeso wa Whitworth unalowa ndi sitima, imene inafika ku Broken Hill, Kabwe wa lero, mu 1906. Unabweranso m'mapampu a m'migodi ndi m'ma Land Rover a mabwana a pa boma. Mukapeza sipanala yakale m'bokosi la makanika wopuma nchito, yolembedwa W kapena BSW, mudzaona kuti nambala yake sigwirizana ndi kukula kwa kamwa lake. Nambalayo imachula kunenepa kwa thupi la bauti, osati mutu wake. Anyamata a lero akaiona amati inalembedwa molakwika.

Koma mazinga a Whitworth anali akuluakulu, oyenera injini ya sitima. Pa bauti ya 3/8 anali 16 cabe pa inchi. Njinga ya mawilo awiri ofanana ndi cheni, monga tiidziwira lero, inachuka ndi Rover ya John Kemp Starley ku Coventry mu 1885, ndipo matayala opopa a John Boyd Dunlop anatsatira mu 1888. Zitsulo za njinga ndi zoonda ndi zopyapyala. Mazinga akuya amadya thupi la ekiselo n'kuisiya yofooka, ndipo pa msewu wa mabampu amamasuka msanga. Cifukwa cacikulu ciri m'kati mwa habu. Wilo limazungulira pa timipira ta citsulo, mabelingi, timene timakhala pakati pa kapu ya habu ndi koni, ndipo koniyo imayenda pa mazinga a ekiselo omwewo. Kuimanga mopitirira pang'ono, wilo limalimba n'kuyamba kudya mabelingi. Kuilekerera pang'ono, wilo limagwedera. Pa mazinga 16 kupota kamodzi kumasuntha koni pafupifupi mamilimita 1.6. Pa mazinga 26 kumaisuntha kosakwana milimita imodzi, motero dzanja limatha kupeza pakati peni-peni. Opanga njinga ndiye anagwirizana pa muyeso waowao kudzera m'bungwe la Cycle Engineers' Institute kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, wa madigiri 60 ndi mazinga 26 pa zitsulo zambiri, umene pambuyo pake unachedwa British Standard Cycle. Kuya kwa mazinga amenewa ndi theka la milimita cabe. Wilo la kumbuyo, pamodzi ndi munthu ndi katundu wake, limagwiridwa m'malo ndi timizere tozama ngati kunenepa kwa cikhadabo.

Ngakhale kwao komweko mgwirizano sunali wathunthu. Raleigh ya ku Nottingham, imene Frank Bowden anaikuza kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1880, inali kudzipangira pafupifupi ciriconse m'fakitale yake, motero inalibe cifukwa comvera anzake. Pa malo pozungulira mapedulo ndi pa khosi la foloko, makampani a ku Birmingham monga BSA, Phillips ndi Hercules anali kudula mazinga 24, koma Raleigh inakakamira 26 ponseponse. Inagula Humber mu 1932, Rudge-Whitworth mu 1943, Triumph mu 1954 ndi mbali ya njinga ya BSA mu 1957, kenaka iyonso inagulidwa ndi Tube Investments mu 1960. Ambuye anga aamuna anali kusimba mmene amuna anali kukanganira pa mowa kuti yolimba ndi iti, Humber kapena Raleigh, mpaka kutsala pang'ono kugwirana m'makosi. Njinga ziwirizo zinali kutuluka pa cipata cimodzi, zosiyana baji cabe ndi timaluwa ta pa foloko.

Kwathu kum'mawa njinga inabwera m'mbuyo mwa msonkho. Angoni a Mpezeni atagonja mu 1898, boma la kampani ya British South Africa linayamba kukhometsa msonkho wa ndalama, ndipo ndalama zinali ku Halale, ku Wankie, ku Joni, ndi pambuyo pake ku migodi ya mkuwa. Wobwerako bwino anali kudziwika ndi sutikesi, bulangete, makina osokera ndi njinga. Ku Fort Jameson, Chipata wa lero, njanji sinafike kufikira 2010, ndipo Lusaka ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 570. Conco m'tinjira ta pakati pa midzi, njinga ndiyo inali galimoto ya mesenjala, ya mphunzitsi, ya mlaliki ndi ya wogulitsa nsomba zouma. Boma linaiona kuti ndi cuma, n'kuiikira laisensi monga mfuti. Raleigh nayo inali ndi cithunzi ca malonda cimene cinafala mu Africa, ca munthu wakuda akumwetulira pa njinga, mkango ukumuthamangitsa osamupeza. Cithunzico cimandiseketsa ndi kundinyansa nthawi imodzi, pakuti anthu ogula njingazo cimene cinali kuwathamangitsa sunali mkango, unali msonkho. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 Kenneth Kaunda, poyendetsa nchito za African National Congress ku Northern Province, anazungulira midzi pa njinga, m'tinjira tomwe tija timene mesenjala anali kupitamo ndi buku la msonkho.

Amene anaika muyeso wa 26 anali kuganiza za kalaliki wa ku England wopita ku ofesi ndi cikwama ca mapepala. Ife tinaikapo matumba awiri a cimanga, mbuzi yomangidwa miyendo, mai wodwala wopita ku cipatala ca mishoni. Ndipo yang'anani mmene nsonga ya ekiselo ya njinga zimenezi imadzazira. Pamalowa kacitsulo kokokera cheni, miyendo ya kaliyala, timiyendo ta madigadi, nthawi zina ndi sitandi, zonse kusanjikizana. Nati ikamafika imapeza mazinga owerengeka cabe otsala kumapeto, ndipo ndi pa amenewo pamene katundu yense wa pa kaliyala amagogomeza pa bampu iriyonse. Fumbi la m'cilimwe limalowa n'kusakanikirana ndi girisi kukhala ngati mwala wonolera, dzimbiri la m'dzinja limatsiriza. Tsiku lina munthu amamanga nati n'kumva yafewa, ikungozungulira osagwira. Apo ndiye timati yatha mazinga.

Cimene cinapulumutsa njinga zakale zimenezi ndi Amwenye ndi Machaina. Nkhondo yaciwiri itatha, India ndi China anakulitsa nchito yopanga njinga zao. TI Cycles of India inakhazikitsidwa ku Madras mu 1949 n'kumapanga Hercules, Atlas inayamba ku Sonepat mu 1951, Hero ku Ludhiana mu 1956. Ku China, Flying Pigeon inatuluka ku Tianjin mu 1950, ndipo Phoenix ya ku Shanghai inatsatira kumapeto kwa zaka zomwezo. Onsewa anatenga njinga yakuda ya ku England ngati citsanzo. Panalibe phindu losintha mazinga, pakuti ogula anali kale ndi njinga mamiliyoni zofuna zitsulo zolowa. India inasamukira ku mamita ndi makilogalamu, China nayo imayeza ndi milimita, koma tayala likali kulembedwa 28 x 1½, mabelingi a kumbuyo akali kota ya inchi ndipo a kutsogolo 3/16. Maiko amene anacotsa Mngerezi pa mpando anasunga inchi yake m'habu, ndipo ine sindiona kuti kumeneko ndi kugonja. Anaona kuti cinthu cikafala m'manja mwa anthu osauka cimakhala cao, ndipo kucisintha kungapweteke iwowo, osati mwini wake woyamba.

Kwa ife izi zinaonekera pamene zinthu zinathina. Ian Smith analengeza ufulu wake wa upandu mu November 1965, natseka malire mu January 1973. Mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zakunja zinasowa, ndipo masitolo amene anali kugulitsa zitsulo za ku Britain anatsala ndi mashelufu a fumbi. Boma la UNIP linali ndi ndondomeko yopereka fakitale ku cigawo ciriconse: mabatire ku Mansa, tiyi ku Kawambwa, zinanazi ku Mwinilunga, magalasi ku Kapiri Mposhi. Chipata anapatsidwa njinga. Luangwa Industries inali kumanga Eagle m'zaka za m'ma 1980, ndipo pamene makampani a boma anali kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1990 inapita m'manja mwa Tata. Eagle inali njinga yakuda yomwe ija, mawilo a 28, mabuleki a ndodo. Dzina linali lathu, muyeso unali wobwereka.

M'zaka za kusowa zimenezo ndi mmene luso lokonza mazinga linakhwimira, pakuti ekiselo sinali cinthu cotaya. Amakanika acikulire amene ndakhala nao pansi amasiyanitsa matenda awiri. Pali mazinga ophwanyika, amene anagundidwa ndi hamala kapena kukhuzika pa mwala: citsulo cikalipo, cangopindika. Ndiye pali mazinga odyeka, amene citsulo cake cinacoka. Oyambawo amacira. Munthu amatenga tupa yaing'ono ya makona atatu, ndipo pano pali mwai umene Whitworth sakanatipatsa: kona ya tupa yotero ndi madigiri 60, cimodzimodzi ndi ngalande ya mazinga a njinga, motero imakhala bwino m'ngalandemo n'kumadzutsa mzere wogwawo pang'onopang'ono. Njira ina ndi kugwiritsa nchito koni, imene citsulo cake ndi colimba kuposa ca ekiselo wamba. Amailowetsa ca kumbali imene iri bwino, n'kuipota ndi oilo kutulukira ku mbali yophwanyika, kuti iwongole mizere ikucokera pa mizere yabwino. Kuyambira kunja ndi kolakwika, cifukwa nati ikayamba mopotoka imatsegula njira yaciwiri pamwamba pa yoyamba, ndipo zonse ziwiri zimatha. Cida codulira mazinga cimene amati dayi amaciopa pang'ono, pakuti nchito yake ndi kusenga, ndipo pa theka la milimita palibe zambiri zoti n'kusenga.

Mazinga odyeka ndiye sabwerera. Pamenepo nzeru ndi kusamutsa nati kuti ikagwire pamalo pena. Amamasula makoni onse awiri n'kusuntha ekiselo mamilimita ocepa kupita mbali imodzi, kuti malo odyekawo abisale m'kati mwa foloko kapena atulukire kunja kwa nati. Kapena amaika washa yonenepa kuti nati ikhale pa mizere imene sinanyamulepo katundu. Njira yomaliza, imene amakanika abwino amaikana, ndi kuwocherera nati pa ekiselo. Imagwiradi tsiku lomwelo. Koma moto umafewetsa citsulo n'kupsereza girisi, ndipo tsiku lofuna kusintha tayala pamafunika sowo.

Kuyambira 1991, malire a malonda atatseguka, matenda ena anaonjezeka. Pamodzi ndi zovala za salaula kunabwera njinga zogwiritsidwa kale nchito za ku Ulaya, ku Japan ndi ku America, iriyonse ndi muyeso wa kwao. M'citini ca manati ca makanika wa lero mumakhala mitundu itatu yooneka yofanana ndi maso. Ya 3/8 ya mazinga 24, ya muyeso wa ku America, imalowa pa ekiselo ya 26 kawiri kapena katatu n'kulimba, cifukwa pa kupota kulikonse imasemphana ndi mizere pafupifupi mamilimita 0.08, ndipo pofika kasanu ndi kamodzi nsonga ya mzere imakhala itakwera pa nsonga inzake. Wanzeru amaleka pomwepo. Wothamanga amaonjezera paipi ku sipanala. Yoopsa kwambiri ndi ya mamilimita 10 ya mzere umodzi pa milimita. Imeneyo ndi mazinga 25.4 pa inchi, pafupi kwambiri ndi 26, koma bowo lake ndi lalikulupo. Imalowa mosalala ndi zala, munthu n'kumati wapeza yeniyeni, pamene ikugwira nsonga za mizere cabe. Ikamangidwa ndi mphamvu imameta nsongazo.

Caka catha pa chuthi ca mu August ndinaona zonsezi pa wilo la m'banja mwathu. Ambuye anga aja anagwira nchito ya ukhukhi ku Halale m'nthawi ya Citaganya, ndipo anabwerako ndi njinga ya magiya atatu, imene anadzaisiyira amalume. Magiya ake ali m'kati mwa habu ya Sturmey-Archer, mtundu wa AW umene unayamba kupangidwa mu 1936. Kwa mphunzitsi wa mbiri habu imeneyi ndi yokoma, cifukwa kampaniyo inali kudinda caka ndi mwezi pa cikopa cake. Pa yathu, mukapukuta, pamaoneka 57. M'banja mwathu mulibe pepala lirilonse la caka cimeneco, ngakhale citupa ca ambuye cinatayika kale. Tsiku lakale kwambiri lolembedwa limene tiri nalo liri pa citsulo cimeneci.

Amalume tsopano apitirira zaka 60, ndipo amakhala kuseri kwa mapiri a Chipata. Matimati ndi repu za ku dimba kwao zimafika pa msika cifukwa ca giya yoyamba, imene imacepetsa kulemera kwa pedulo ndi gawo limodzi mwa magawo anai. Popanda giya imeneyo amatsika n'kumakankha mtunda wonse, mawondo n'kutupa. Wina pa msewu, powathandiza tayala litaphulika, anataya nati ya kumanzere n'kukakamiza ina ya m'citini cake. Vuto ndi lakuti ekiselo ya Sturmey-Archer si 3/8. Ndi 13/32, mamilimita 10.3, ngakhale mazinga ake ndi 26 omwe aja. Ndiponso ndi yosemedwa mbali ziwiri kuti isazungulire m'foloko, motero mizere yake ndi yoduka, simaliza kuzungulira. Ndipo siingasinthidwe ndi ekiselo ya m'sitolo, cifukwa pakati pake pali kagiya kamene magiya ena onse amazungulirapo. Anyamata awiri anali atawauza kale amalume kuti njira ndi ziwiri: kuwocherera, kapena kumasula masipoko onse 40 n'kulukira limu pa habu wamba ya ku India, magiya n'kuiwalika.

Tinapita kwa makanika wina wacikulire amene amakhala pansi pa mtengo kufupi ndi msika wa Kapata. Analiyang'ana wilo nthawi yaitali osakamba kanthu, akuyendetsa cikhadabo m'mizere.

"Aphunzitsi, mwabwera ndi nkhalamba inzanga," anatero. "Iyi tupa siigwira. Yesani muone."

Ndinayesa, ndipo tupa inangoterereka ngati pa botolo. Ekiselo ya mtundu uwu inaumitsidwa ndi moto, ndipo manati ake anapangidwa ofewerapo dala, kuti pakakhala kulimbana ife nati ya ndalama zocepa, ekiselo itsale. Ndico cifukwa cake nati yacilendo ija inali itaphwanyika yokha m'kati, n'kusiya zinyenyeswa zake zitamatirira m'ngalande. Zimene ife tinali kuona ngati mazinga otha, mbali yaikulu zinali ngalande zodzala ndi citsulo ca nati. Mizere itatu yokha ya kumapeto ndiyo inali itabenthuka nsonga.

Anayamba ndi parafini ndi burashi ya waya. Kenaka ananola nsonga ya sipoko yakale n'kumatokosa ngalande imodzi-imodzi, monga mai wocotsa nchenche za m'mpunga, tizitsulo tonyezimira tikugwera pa nyuzipepala. Izi zinatenga pafupifupi ola lathunthu, ndipo anthu awiri obwera ndi mapancala anawatumiza kwa mnyamata wa pafupi. Atatha anamasula kanati kochinga koni ndi koni yeniyeniyo, napaka pa mizere kaphala konolera mavavu a injini, n'kuyamba kupota koni kutulukira kunja. Ikalimba anali kubwerera theka, n'kupitanso, n'kubwereranso. Sanagwiritse nchito mphamvu ngakhale kamodzi. Koni itatuluka kumapeto, anatsuka zonse kawiri ndi parafini, cifukwa kaphala kaja kakatsalira kangalowe m'mabelingi n'kuwadya.

"Atate, nanga nati tiipeza kuti?" ndinafunsa.

Anatulutsa kacitini ka mkaka wa ufa pansi pa benchi, osati cacikulu cija ca manati a tsiku ndi tsiku. Munali zidutswa za mahabu akufa: timagiya, timasipuling'i, ticheni tating'ono tosinthira giya. Anati anayamba kuzitola m'nthawi imene m'masitolo munalibe ngakhale sopo, ndipo njinga ya magiya ikafa anali kupempha habu yake. Anasankha nati imodzi, naiyesa ndi zala zokha. Inayenda kufikira pansi osagwedera ndiponso osalimba. Anabwezera koni, naimanga kufikira wilo litatsala ndi kugwedera kocepa kwambiri pa limu, monga mahabu amenewa amafunira, naika washa ya mano imene imaletsa ekiselo kuzungulira. Poyamba anafuna kuonjezera washa ina, koma ataona kuti yabenthuka ndi mizere ya kunja, anacita zosiyana: anacotsa mwendo wa kaliyala pa ekiselo n'kuumangirira pa felemu ndi kacitsulo kopinda, kuti nati ilowe m'kati ndi kukhala pa mizere yathunthu. Mizere itatu yobenthukayo inatsala kunja, yopanda nchito.

"Akulu anzanga," anauza amalume, "nati iyi musabwereke munthu, ndipo wina akafuna kuimanga ndi paipi mum'letse. Zatsala ziwiri m'citinimu. Oilo muzithira madontho ocepa pa kabowo aka mwezi uliwonse, girisi ai."

Anachula mtengo wocepera wa tayala limodzi latsopano. Amalume anaonjezerapo matimati.

Fakitale ya Sturmey-Archer ku Nottingham inatsekedwa mu 2000, ndipo makina ake anagulidwa ndi SunRace n'kutumizidwa ku Taiwan. Raleigh inaleka kupanga njinga mu mzindawo mu 2002, ndipo pa mbali ina ya malo ake akale pali nyumba za University of Nottingham. Ku Taiwan mahabu a magiya atatu akali kupangidwa ndi dzina lomwe lija, ekiselo yake ikali 13/32 ya mazinga 26, ndipo nati yopangidwa kumeneko lero ingalowe pa habu ya ambuye ya 1957. Nditabwerera ku Lusaka ndinazungulira masitolo a zitsulo za njinga ku Kamwala nditalemba nambalayo pa kapepala. Manati a 3/8 anali odzaza mabokosi, ocokera ku India ndi ku China. Ya 13/32 sindinaipeze, ndipo ndapempha mnzanga wina amene akuphunzira ku Britain kuti akamabwera pa Khirisimasi anditengereko zinai, ziwiri za amalume ndi ziwiri zobwezera m'kacitini ka mkaka kaja.